Zimbudzi Zoyang'ana ku Chibula

Amayi anga, Abiti Saidi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Asiyatu. Mundikhululukire kuti ndikulemba m'Chichewa, poti Chiyao chathu kusukulu sanatiphunzitse kulemba, ndipo ndikudziwa mukanaseka kumva mwana wanu akukulankhulani ngati wailesi. Pepalali ndang'amba m'kope la mwana wanga Hawa, cholembera n'chakenso. Ndili ndi nkhani yolemera, koma ndiyambe ndi zopepuka monga munkachitira inu mukachoka kumsika, kuyamba kutula masamba, nsomba pambuyo.

Kuno tilipo. Mkazi wa achimwene Jafali anachira Ramadani isanathe, mwana wamwamuna, mphuno ndi yanu yeniyeni. Ndamunyamulapo kawiri kokha, chifukwa chake mumva kutsogoloku. Chimanga kumtunda kwa Namwera chinachita bwino, koma kuno dzuwa linawamba mmera wonse, tikudalira chinangwa. Bambo a Hawa abwerako ku nyanja ya Malombe, akuti chambo chinasowa, m'khoka mukungotuluka kambuzi. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, mmodzi agalu anagwira. Sadaka yanu tinachita bwino, mpunga unakwana aliyense, ngakhale Che Bwanali, tcheyamani wa Chipani m'dera lathu lino, anadya mbale ziwiri n'kukulunganso wina m'kansalu. Dzina limenelo mulisunge, libweranso.

Nkhani ndi ya sukulu yanu. Ndikuti yanu chifukwa ndinu munadula munda wanu wa chinangwa pakati n'kupereka malo. Ine ndinali kamwana koma ndikukumbukira momwe anthu ankakanira, amvekere sukulu imasintha ana mayina, imawadyetsa nkhumba, mwana akalowa kumeneko sabweranso kumzikiti. Inu munayenda khomo ndi khomo mpaka zidendene kung'aluka, mawu anu amodzimodzi: "Sukulu yomanga tokha singatibere ana." Amuna anaumba njerwa, akazi anatunga madzi ku Shire, makolo anasankha komiti yawo pansi pa mtengo wa mango. Njerwa zosweka zimene amisiri anakana inu munatola chimodzichimodzi n'kumangira kanyumba kanu m'malire mwenimweni mwa sukulu, kuti muzimva ana akuwerenga. Zimbudzi zinali za udzu, inde, koma tsiku lokumba shehe anabwera n'kuloza ndi ndodo kuti ziyang'ane kum'mawa, ndipo pakhomo pa chilichonse panali mtsuko wa madzi odzitsukira, azimayi ankadzaza mosinthana. Ine ndinalekera Sitandade 5. Hawa, mdzukulu wanu, ali mu Sitandade 8, mayeso akulemba chaka chino.

Sindikunamizani, sukuluyo inali itatopa. Tauni yakula, ana achuluka ngati nyerere, mphepo inasasula denga la chipinda chimodzi, chiswe chinamaliza mitanda ya chinzake. Mvula ikagwa aphunzitsi ankangoti bwererani kwanu. Zaka zingati komiti yathu ikupita kwa Boma kukapempha malata? Inu nomwe munapitako kawiri, n'kubwera fumbi lokhalokha kumapazi. Ndiye titamva kuti Boma likonza sukulu, tinalulutira, amayi, ine ndinalulutira mpaka mawu kusasa. Mbuli ine!

Anatumiza aHedi atsopano ochokera kuboma lakutali, bambo wamtali, wa tayi ngakhale dzuwa la Okutobala. Pa msonkhano woyamba anaimirira n'kuti: "Makolo, zikomo chifukwa cha ntchito yanu yakale. Tsopano sukulu ili m'manja mwa Boma, komiti yanu yapuma." Yapuma! Ngati inawauza kuti yatopa. Komiti yatsopano anakasankhira ku ofesi ya Chipani, wapampando Che Bwanali. Ife anatigawira masiku otuta mchenga ndi kutunga madzi, ndipo wojomba ayufi, anyamata a Chipani, ankamutsatira kunyumba. Manja athu ankawafuna, pakamwa pathu ayi. Chilichonse ukafunsa, aHedi ankatulutsa pepala lalikulu lopindapinda n'kuti zili pa pulani. Ana anawapatsa dzina loti Apulani, ndipo nane ndimawatchula choncho akatembenuka.

Chabwino sindibisa. Denga ndi lamalata, pansi ndi simenti, makoma apaka laimu, ukamadutsa pamseu maso amathobwa. Anazunguliranso mpanda wa waya, n'kuika geti, kuti belu likalira m'mawa mwana asatulukenso mpaka poweruka, akuti ana ankathawira kumsika. Koma waya unawaperewera. Mukudziwa chimene anachita? Atafika pa nyumba yanu anakhoma misomali pakhoma lakumbuyo, mbali iyi ndi mbali iyo, n'kumangirirapo waya, khoma lanu n'kusanduka mpanda wawo. Osapempha, osagogoda n'komwe kwa ine. Dothi la pamanda anu linali lisanaphwe. Ndinameza zimenezo, ndinati amayi ankaikonda sukuluyi, asiyeni ailondere.

Tsopano zimbudzi. Tsiku limene amisiri anajambula maziko ine ndinali wotunga madzi. Ndinatula ndowa, ndinaima pamene padzakhale dzenje, n'kuyang'ana kumene kudzakhale chitseko. Amayi, maso anga analunjika ku chibula, kumene timayang'ana tikamaswali, ndendende ngati ndaima pa mkeka wa swala. Zitseko zonse zisanu ndi chimodzi kuyang'ana kumpoto, kumene kuli mseu. Ngakhale mwana wa kumadarasa amene sanagulule mano amadziwa kuti munthu sadzithandiza atayang'ana ku chibula kapena ataloza msana kumeneko. Njerwa inali isanagone ndi imodzi yomwe. Kunali kungofufuta mizere ndi phazi n'kujambulanso, ntchito yosatha n'kamphindi komwe.

Ndinapita kwa aHedi, ndinagwada bwinobwino monga munandiphunzitsira, ndinafotokoza. Anandimvera mpaka kumapeto, n'kuti: "Mayi, pulani yachokera ku likulu, ine sindisintha. Chimbudzi ndi chimbudzi, sichipemphera." Ine ndinati, bwana, chimbudzi sichipemphera koma wolowamo amapemphera, tangotembenuzani zitseko ziyang'ane kum'mawa. Iwo amvekere: "Ndiye alendo akamadutsa pamseu aziona kumbuyo kwa chimbudzi?" Basi, nkhani inathera pomwepo. Munkati safunsa anadya phula, koma apa phulalo adya ndi ana athu, wosafunsayo ali ndi chimbudzi chake kunyumba ya aphunzitsi.

Komabe aHedi sindiwada kwambiri. Ndi mlendo, sanakule nazo. Amene ndimamuda kwenikweni ndi Che Bwanali. Munthu wobadwira konkuno, woswali mzere woyamba Lachisanu lililonse, chipumi chochita kuda ndi kugwetsa nkhope pansi. Iyeyo sakudziwa kumene kuli chibula? Ndinamupeza pakhonde pake akupukuta baji yake ya Chipani. Nditamaliza kulankhula anandiyang'ana n'kumwetulira, n'kuti: "Amake Hawa, mukufuna kunena kuti Boma lalakwitsa? Nenani bwinobwino ndimve, ndikalembe." Kenako anafunsa ngati kadi yanga ya Chipani ya chaka chino ndili nayo. Mwana wa Abiti Saidi, amene munkati pakamwa panga pamathyola nkhuni, ndinatsanzika mwaulemu n'kubwerera kwathu. Mukudziwa nokha kuti munthu akalembedwa m'buku limenelo amapita kuti. Ngakhale shehe, atauzidwa, anangoti tipirire, Mulungu akuona. Kuona akuona, koma chikhodzodzo cha mwana sichimva ulaliki.

Kutatsala tsiku limodzi kuti atsegulire sukulu yokonzedwayo, ayufi anagwetsa zimbudzi zathu zakale n'kukwirira maenje, akuti zikunyansitsa malo. Mitsuko anaiponya kuseri kwa mpanda, inasweka yonse. Mawa lake tinavala nsalu za Chipani n'kukafola pamseu kuyambira m'mawa. Ndinavina, amayi, ndinavina ine, pakamwa pakuimba, mtima ukutukwana. Bwana wamkulu wodzatsegulira sukuluyo anafika dzuwa litapendeka, anadula kansalu, anaombetsa m'manja, n'kukwera galimoto chinangwa chisanapse pamoto. Zimbudzi zimene anatembenuzira kumseu chifukwa cha iye sanaziyang'ane n'komwe.

Zotsatira zake ndi izi. Anyamata sanavutike, amangopita kuseri kwa kalasi n'kuthira waya. Atsikana achite bwanji? Geti yotseka, zimbudzi zosalowamo, madzi palibe. Hawa anasiya kumwa madzi m'mawa, ngakhale phala ankakana. Poweruka ankafika akuyenda chowerama, osapereka moni, kuthamangira kuseri. Sabata ina anagona ndi malungo, akulira kuti pokodza pakuwotcha. Wakula tsopano, mukudziwa, ndiye masiku ake akafika ankangokhala pakhomo, anzake akuphunzira. Mtsikana wina wa kuseri kwa mzikiti anapirira mpaka zinamulaka m'kalasi momwemo, anyamata anaseka, sanabwererenso. Kenako wina analeka, wina analeka. Pachitsime ndinamva ndi makutu anga mayi wina akuti: "Tinanena ife. Abiti Saidi anatinamiza, sukulu ija yatembenuka." Dzina lanu, amayi, m'kamwa mwa anthu amene munkawasungira ana akapita kumaliro. Ndinasiya ndowa pomwepo, akanapanda kundigwira bwenzi ndikukulemberani za mlandu wina.

Ndiye kunabwera Jafali, mwana wanu, mwinimbumba wathu. Anakhala pa mpando, anakana tiyi, n'kuti: "Chemwali, mwana wa mlongo wanga sangamadwale chifukwa cha pepala, ndipo sangamachimwe chifukwa cha pepala. Tchuthi chino chikatha, Hawa sabwererako. Kuli munthu ku Namwera, wogula fodya, ali ndi njinga ndi nyumba yamalata, wafunsa kale." Hawa anali kuseri kwa chitseko, anamva zonse. Mwana amene akufuna kudzavala zoyera kuchipatala, amene wakhala nambala wani kuyambira Sitandade 4, akapalire fodya kwa bambo woti sanamuonepo, mayeso atatsala miyezi itatu. Sanalire mokweza. Anangotenga makope ake n'kuwamanga ndi luzi, n'kuwaika pamwamba pa mtanda. Zimenezo zinandipweteka kuposa kulira.

Ndikuuzeni zoona, ndinakukwiyirani inunso. Munalonjeza mudzi wonse kuti sukuluyi singatibere ana, kenako n'kunyamuka ulendo wanu, lonjezo n'kundisiyira ine pamutu popanda nkhata. Mwagona phee kumeneko, ine kuno ndikutukwanidwa pachitsime. Jafali sindikanamutsutsa, poti zimene ananena zinali zoona. Kwa aHedi ndinali nditapita, kwa Bwanali ndinali nditapita, komiti yathu inali itapuma.

Lachisanu m'mawa ndinapita kukasesa m'nyumba mwanu monga ndakhala ndikuchitira chichokereni inu. Nditamaliza ndinazungulira kumbali, ndinaona misomali ija ndi waya uja, mbali iyi ndi mbali iyo. Ndinagwira khoma. Kuseri kwa khoma limeneli ndi bwalo la sukulu, kuno ndi dothi lanu, limene tsopano ndi langa, ndipo pa pulani yawo palibe. Ndinamva mawu anu aja munkanena ndikamadikira kuti wina andichitire chinthu: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Kenako ndinatuma uthenga ku Malombe kuti bambo a Hawa abwere ndi khasu ndi piki.

Amayi, ndagwetsa nyumba yanu. Ndalemba tsopano.

Sindinaigwetse mwachipongwe. Ndinayamba kutulutsa mkeka wanu wa swala, mikanda yanu yowerengera mapemphero, bokosi lanu ndi mtondo, zonse zili kwathu. Bambo a Hawa anasasula udzu, kenako tinachotsa njerwa chimodzichimodzi, zomwe zija munatola chimodzichimodzi, ine ndikupala dothi ndi mpeni. Tsiku loyamba tinali awiri, anthu akungoima patali n'kumati Asiyatu wapenga. Tsiku lachiwiri kunabwera amake mtsikana uja zinamulaka m'kalasi, anangoyamba kusenza. Tsiku lachitatu azimayi analipo asanu ndi awiri, pamodzi ndi uja anati munawanamiza. Sindinamuthamangitse, ndinangomupatsa dengu lalikulu kuposa onse.

Dzenje tinakumba pamene panali kakhitchini kanu, osati pamene munkagona, zimenezo ndinaonetsetsa. Mizere ndinajambula ndekha ndi ndodo, sindinaitane shehe, ndinati apirire konko. Zipinda ziwiri, zitseko kum'mawa. Tinamanga ndi dothi, denga la udzu wanu womwewo. Kumbali ya mseu ndi ya midzi tinatchinga ndi bango lolimba n'kulumikiza ku waya wawo, kuti asadzati taboola njira yothawira kumsika. Polowera ndi pamodzi pokha, kuchokera m'bwalo la sukulu, pamene panali khoma lanu lakumbuyo. Mtsuko wanu waukulu uja munkati ndidzautenge ine, ndauimika pomwepo ndi chikho chake.

Tchuthi chitatha, tsiku lotsegulira sukulu ndinalawirira, ndinadzaza mtsuko, n'kukhala pambali pa dothi langa. AHedi anabwera ndi tayi yawo, anazungulira kawiri, anasuzumira m'kati. Amvekere: "Mayi, ichi sichili pa pulani." Ine ndinati, bwana, nanga khoma la amayi anga limene munakhomapo misomali linali pa pulani? Nthawi imeneyo belu la kupuma linalira, atsikana anatuluka n'kudzafola mzere, ena amene anali atasiya kale, mayunifomu awo atafupika. AHedi anauyang'ana mzerewo, anakanda m'mutu, n'kuti bola pazikhala paukhondo, n'kumapita. Mukufuna kuseka? Wachitatu pamzerewo anali Zainabu, mwana wa Che Bwanali.

Jafali anafika masana. Anaima pamene panali khonde lanu, nkhope itagwa. Anati: "Pamene tinasambitsira mayi athu, iwe wasandutsa chimbudzi." Ndinati ayi achimwene, pamene tinawasambitsira ndi apo paima mtsuko, ndinayeza ndi mapazi anga. Anayang'ana zitseko, anatembenuka kuyang'ana kumzikiti, anayang'ananso zitseko, ndinaona kuti akuyeza ndipo sanapeze cholakwa. Kenako anapukuta m'maso n'kuti: "Hawa aphunzire, a ku Namwera ndiwabweza. Koma ine pakhomo pako sindidzapondanso." Wasungadi mawu ake onse awiri. Mwana wake uja wa mphuno yanu ndimangomuonera kumsana kwa mayi ake ndikakumana nawo kumsika, ndipo mayi akewo amayang'ana kumbali. Tinabadwa awiri okha, amayi. Zikundiwawa, sindikubisirani.

Dzulo kunabwera ayufi awiri atavala malaya awo ofiira. Akuti Che Bwanali akundifuna ku ofesi ya Chipani mawa Lolemba, ndikafotokoze chifukwa chimene ndinagwetsera mpanda wa Boma. Mpanda wa Boma! Njerwa zosweka zimene amisiri anakana, zimene munasenza pamutu panu ndi mimba ya Jafali. Galu ameneyo anadya mpunga wa sadaka yanu m'nyumba yomweyo, tsiku limenelo sanati akudyera m'mpanda wa Boma. Mulungu andikhululukire potukwana m'kalata ya kwa inu, koma sindifufuta. Mwana wake akutunga mumtsuko wanu tsiku ndi tsiku, iye akunola cholembera chake.

Ndipita. Ulendo uja ndinakhala chete pakhonde pake, ulendo uno sindikhala chete, koma sindinenanso kuti Boma lalakwitsa, sindine wopusa. Ndikangonena kuti nyumba inali ya amayi anga, dothi ndi langa, ndipo ndamanga chimbudzi pakhomo panga monga amatilamulira a zaumoyo. Akafuna kulemba alembe zimenezo. Kadi yanga ndamanga pakona pa chitenje, ndatenganso chitenje chachiwiri ndi kasopo, poti sitidziwa. Bambo a Hawa ndawauza asabwerere ku Malombe mpaka aone kuti zatha bwanji. Ine ndi azimayi asanu ndi awiri aja tagawana masiku otungira madzi, popanda mpando, popanda pepala, monga munkachitira inu. Langa ndi Lachiwiri, ndipo amake mtsikana uja ati ndikachedwa kubwera adzatunga ndi langa lomwe.

Chatsala n'chimodzi chimene sindingafunse munthu wamoyo. Kodi mwakwiya, amayi? Lachisanu lapitali ndinadzuka, ndinatenga tsache, ndinafika pakati pa njira ndisanakumbuke kuti kulibenso nyumba yosesa. Ndinaima pomwepo ngati chitsiru. Ndinapitirirabe, ndinakasesa pozungulira mtsuko. Ndikusesa choncho ndinamva Sitandade 8 ikuwerenga, ndipo pakati pa mawu onsewo ndinazindikira a Hawa. Munamanga pamenepo kuti muzimva ana akuwerenga. Ngati mwakwiya, mudzandikalipire tikadzakumana, ndidzagwada n'kumvera, koma njerwa zanu sindibweza.

Mupereke moni kwa malemu bambo anga, muwauze kuti mpeni wawo ndi umene ndinapalira njerwa. Mulungu akukulitsireni manda, akuwalitsireni. Ndimakukondani, ngakhale munandisiyira katundu wolemera chonchi. Ndikulonjeza ziwiri zokha, poti zambiri sindingathe: Hawa adzakhala pa desiki tsiku la mayeso, kaya ine ndidzakhala ndili kuno kaya kwina, ndipo mtsuko wanu sudzauma.

Ndine mwana wanu wa pakamwa pothyola nkhuni,
Asiyatu, amake Hawa